Za Kabokosi ka Gitala Koponda ndi Phazi

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za kanthu kakang'ono kamene kanatsala pang'ono kupasula gulu lathu la zoimba, ndi kutidanitsa ndi atsibweni athu amene anatilera. Ife olemba mau awa tiri awiri, mkuru ndi mphwace, ana a mimba imodzi, ndipo tonse tiimba gitala. Mudzi wathu uli ku mapiri a ku Dedza, kutali ndi mawaya a magetsi. Gulu lathu liri la anthu anai: ife awiri, mlamu wathu woomba ng'oma, ndi atsibweni, amene ali eni gulu ndi otsogolera nyimbo. Tiimba pa maukwati ndi pa masiku otsekera sukulu, ndipo ndalama zimene tipata kumeneko ndizo zitigulira feteleza.

Atsibweni anayamba kuimba ali mnyamata, ndi banjo ya citini ca mafuta, nsambo zace za waya wa buleki ya njinga. Anakula alikumvera pa wailesi malemu Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anamwalira m'caka ca 1987, ndipo kufikira lero anena kuti munthuyo akaimba gitala imodzi, wina anayesa kuti alipo awiri. Pambuyo pace anapeza gitala yamagetsi yakale, koma ampu, ndilo bokosi lokuza mau, analibe. Tsono anatsegula wailesi yakufa mbali imodzi, nalumikiza cingwe ca gitala m'kati mwace, naipatsa moto wa batire ya galimoto. Pa wailesi imeneyo ndipo ife tinaphunzira zala. Inatha kalekale, ndipo masiku ano tibwereka mikisa ndi masipika awiri, ndi jenereta yaing'ono.

M'caka ca 2022 mbale wathu wina wogwira nchito ku Johannesburg anatitumizira katundu, ndipo pakati pa mabulangete tinapeza kabokosi kakuda, kutalika kwace ngati phazi la munthu wamkuru. Pamwamba pace pali kagalasi kolemba mau, timabatani topotokola, mabatani awiri oponda ndi phazi, ndi copondera cimodzi conga ca makina osokera. Kadya mabatire anai ang'onoang'ono. Oimba a m'tauni akachula pedal. Cingwe ca gitala cilowa mbali imodzi, cina cituruka kunka ku mikisa, ndipo pakati pa zingwe ziwirizo mau a gitala asandulika monga mwini afuna.

Kuti mumvetse cimene cinatisokoneza, tiyenera kuyamba tanena umo kagwirira nchito. Nsambo ya gitala ikanjenjemera pamwamba pa maginito ibala kamphamvu kocepa ka magetsi, kamene sikangamveke popanda cokuza. Ampu zoyamba zinakuza mau ndi timabotolo ta galasi toyaka m'kati ngati khala la moto, tochedwa valve, ndipo iri yonse inali ndi liu lace, monga ng'oma za mitengo yosiyana sizilira cimodzimodzi. Ku California, a Fender anaturutsa m'caka ca 1963 ampu yochedwa Twin Reverb, ya liu loyera ndi lowala. Ku London, Jim Marshall, amene anali mphunzitsi wa ng'oma ndi mwini sitolo, anayamba kupanga ampu zace m'caka ca 1962, ndipo zija zinachuka cifukwa ca kubangula. Ku Japan, a Roland anapanga m'caka ca 1975 ina yopanda timabotolo, JC-120, imene liu lace liyenda ngati madzi a m'ngalande. Zonsezi nzodula, nzolemeranso. Twin Reverb yokha ilemera pafupifupi makilogalamu 30.

Tsono anthu odziwa masamu anayesa ampu zotere, naona umo iri yonse ipindira mau akalowa pang'ono ndi umo iwapindira akalowa mwamphamvu, nalemba zonsezo m'masamu, naika masamuwo m'kompyuta yaing'ono. Kabokosi kayesa mphamvu yocokera ku gitala kambiri ndithu, ena ka 44,100 ena ka 48,000 pa sekondi imodzi. Kasandutsa miyesoyo manambala, kawapititsa m'masamu aja, ndi kuwabwezanso akhale mau, zonsezi msanga kotero kuti khutu silizindikira kucedwa. Kamodzi ka toyamba kuchuka kanali POD ka a Line 6, ka m'caka ca 1998, kofiira ndi kooneka ngati nyemba. M'kathu muli zifanizo za ampu zambiri, ndi zinanso zokometsera mau: delay, amene abwereza liu monga phiri libweza mpfuu ya mbusa, reverb, amene acititsa gitala kumveka ngati iri m'nyumba yaikuru yopanda katundu, chorus, amene aionetsa ngati ziri ziwiri, ndi overdrive, amene aswa liu kuti likhale laukali. Munthu asanja zimenezi monga afuna, nasunga msanjowo pa nambala yace, ndipo akaponda batani apita ku msanjo wina.

Masabata oyamba sitinagone. Tinabvala zomvera za m'makutu mosinthana, mmodzi alikuimba, mnzace alikumkoka malaya kuti nthawi yace yakwana. Opanga anaikamo kale misanjo yambiri, ndipo tinaiyesa yonse: apa gitala yathu yakale inabangula ngati mkango, apo inalira ngati iri m'phanga, kwina inamveka ngati limba. Tinasankha isanu ndi itatu yotikomera koposa, yonse yaphokoso, tinati mudzi uno udzadziwa kuti kuli anyamata. Atsibweni anatifunsa kawiri kuti tiyese pamodzi ndi masipika. Ife tinakana cifukwa ca mtengo wa petulo wa jenereta, ndipo kunena zoona tinafunanso kuwadabwitsa.

Tsiku linafika m'mwezi wa October, pa ukwati wa mwana wa nyakwawa ya mudzi woyandikana nafe. Anthu anadzaza bwalo. Gulu lathu lidziwika ndi nyimbo imodzi imene atsibweni anapeka okha, ya malangizo kwa mkwati ndi mkwatibwi, ndipo akuruakuru atiitana makamaka cifukwa ca nyimboyo. Pakuti ikayamba, amai aleka kucezerana, nachera khutu, nabvomereza ndi nthungululu pa mzere uli wonse. Tinaiyamba. Mkuru wa ife anaponda msanjo wa ampu yobangula, ndipo m'masipika munaturuka phokoso longa la njuci zolusa m'citini. Pofuna kukonza anaponda wina, koma uwo unali wokwera mau kawiri kuposa woyamba, ndipo masipika analira mluzu wolasa m'makutu kotero kuti ana anathawa. Anapondanso wacitatu, wa delay wautali. Liu liri lonse linabwerezeka kasanu, losagwa pamodzi ndi ng'oma, ndipo amai oomba m'manja anagawikana, ena alikutsata mlamu wathu, ena alikutsata mthunzi wa gitala. Atsibweni analikuimba ndi mphamvu yao yonse, mitsempha ya m'khosi itaturuka, koma panalibe mmodzi anamva mau ao.

Ankhoswe a kucikazi anadza mwaulemu, nagwada pambali pa atsibweni, nati, "Pepani abambo, akuti mupumuleko pang'ono." Mnyamata wina anabaya nyimbo za m'foni ku mikisa, ndipo perekaniperekani yense anatha ife tiri cikhalire pansi pa mtengo ngati alendo osaitanidwa. Anatipatsa theka la ndalama, ndipo ngakhale thekalo linatiyaka m'manja. Pobwerera atsibweni sanalankhule njira yonse. Titafika pa mphambano anaima, nati, "Ana inu, ine ndinayesa kuti mwalandira coimbira, koma mwalandira mng'oma wa njuci. Nyimbo ija ndaiimba zaka zambiri, ndipo lero ndi tsiku loyamba kuti mkwatibwi apite ku banja osaimva." Miyezi iwiri sanabwere koyeserera, ndipo maukwati awiri anatipita.

Ife awiri tinakangana. Wamng'ono anati anthu a kumudzi sadziwa zatsopano. Wamkuru anati tikagulitse tigule mbuzi. Amai athu ndiwo anatha mkangano, pakuti anati, "Mulikulimbana za bokosi, osaona kuti mlongo wanga mwamcititsa manyazi pamaso pa anthu?" Tinagwira tambala, tinanka kukapepesa. Atsibweni analandira nkhuku, nakhala cete nthawi yaitali, ndipo potsiriza anati, "Kabokosi kaja musagulitse. Mawa mubwere nako, ndi masipika omwe. Petulo ndigula ndine."

M'mawa mwace anatiika pabwalo, iwo nakakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mango, mapazi 30 kucokera pa masipika, nati kumeneko ndiko kukhala anthu, ndipo khutu la woimba amene aima pafupi ndi gitala yace linama. Cinthu coyamba analamula kuti tizime zonse. Tinazima delay, reverb, chorus ndi zina zonse, kufikira inatsala gitala yokha, youma ngati nsima yopanda ndiwo. Pomwepo anati tiyatse cimodzi cimodzi, ndipo ciri conse cidzipezere cokha malo.

Tsiku limenelo tinapeza gwero la njuci zija. Ampu yeniyeni siimba yokha; iimbira m'sipika yace ya m'bokosi la matabwa, ndipo sipika ya gitala siitha kuturutsa mau okwera kwambiri, opitirira kunjenjemera ka 5,000 kapena 6,000 pa sekondi. Kulephera kumeneko ndiko kusefa ukali wa overdrive, monga sefa acotsa gaga mu ufa. Masipika a mikisa alibe kulephera kotere, aturutsa zonse. Cifukwa cace m'kabokosi muli cifanizo ca bokosi la sipika, colembedwa CAB, cimene ciyenera kuyaka pamene munthu alumikiza ku mikisa, ndi kuzima pamene alumikiza ku ampu ya gitala yokhala nayo kale sipika yace. Ife tinacizima usiku wina pocita cibwana ndi mabatani, ndipo tinasunga comweco. Titaciyatsa, njuci zinauluka.

Cinthu caciwiri cinali batani lolembedwa GAIN, limene lilamulira mphamvu yolowa m'cifanizo ca ampu. Ife tinaliyesa batani lokuzira mau, tinalipotokola kufikira kumapeto. Koma batani limeneli likakwera liu liphwanyika, nsambo zisanganikirana, ndipo kaphokoso kali konse ka m'cingwe kakula, ndi mluzu uja ubadwa msanga gitala ikayang'ana sipika. Tinalibweza pansi pa theka. Zodabwitsa, pamene tinalikweza pang'ono pokha, kuti liu lingoyamba kusasa, atsibweni anakweza dzanja nati tisiye pomwepo. Anati kusasa kotere sikwacilendo: malipenga a zikho a mganda amamatidwa kanembanemba ka kangaude kuti azilira mosasa, ndi ng'oma imamatidwa phula kuti liu lace lilemere. Ndipo kunja komwe anthu anafuna liu limenelo asanapange makina ace. M'caka ca 1964 Dave Davies wa gulu la The Kinks anaceka sipika ya ampu yace ndi lumo kuti ilire motero. Colakwa cathu cinali muyeso, monga wothira mcere ndi cikho.

Pa delay tinakhalitsa, cifukwa ndiye anabalalitsa amai aja, ndiyenso timkonda koposa. Amene munamva magitala a ku Congo, a Franco wa gulu la OK Jazz limene linayamba m'caka ca 1956, kapena a Docteur Nico, mudziwa kukoma kwa liu lobwerezeka pang'ono pambuyo pa nsambo. Koma kubwereza kuyenera kugwa m'mapazi a ng'oma. Nambala ya pa kagalasi iwerenga tizigawo ta sekondi imodzi yogawidwa 1,000, ndipo mphindi imodzi iri nato 60,000. Nyimbo ya malangizo iyenda magugu 120 pa mphindi. Tsono 60,000 kugawa ndi 120 ndi 500, ndiyo nthawi ya gugu limodzi, ndi theka lace 250. Msanjo umene tinaponda pa ukwati unali pa 650, nambala yosagwirizana ndi ciri conse m'nyimboyo. Tinauika pa 250, kubwereza kamodzi kokha, ndi kotsika kuposa liu lenileni. Masamu amenewa anawakondweretsa atsibweni pang'ono pokha, koma titawaonetsa batani lolembedwa TAP, limene munthu aligunda ndi phazi motsata ng'oma ndipo kabokosi kawerenga kokha, anaseka nati, "Tsono kali ndi khutu, kamvera phazi la munthu." Anaonjeza lamulo lao, kuti iwo akatsegula pakamwa delay azime, ayake pokhapo mau apuma ndipo gitala iyankha.

Cina cimene sitikadacipeza tokha ndi ici. M'zomvera za m'makutu, usiku, liu lokoma ndi lija lokhala ndi mabesi ambiri ndi kuwala kwambiri, pakati pace pocepa. Misanjo yathu yonse tinaikonza motero. Koma pabwalo mabesi ali kale ndi mwini wace, ndiye ng'oma yaikuru ndi gitala ya mnzako, ndipo gitala yocotsedwa mau apakati isowa, ngakhale uikweze cotani. Ungoonjeza phokoso, nyimbo osamveka. Atsibweni sadziwa maina a mabatani, koma anapfuula ali pansi pa mango, "Yaonda m'cuuno, ipatseni mnofu!" Tinakweza MID, tinatsitsa BASS, ndipo gitala inamveka bwino pa muyeso wotsika kuposa kale, nisiya malo a mau a munthu. Reverb tinamcepetsa ndithu, ndipo m'nyumba ya njerwa ndi malata timzima konse, pakuti nyumba yotere ibweza kale mau yokha.

Potsiriza tinalinganiza kukwera kwa misanjo, wina alikuponda, atsibweni alikukweza kapena kutsitsa dzanja, kufikira kusintha sikunadzidzimutse munthu. Pa isanu ndi itatu ija inatsala itatu: woyera wa cifanizo ca Fender woperekeza mau, womwewo ndi delay woyankhira, ndi wosasa pang'ono wa nthawi ya gule. Akale anati mapanga awiri abvumbwitsa, ndipo ife tinali nao asanu ndi atatu. Tinaiika moyandikana, pa 1, 2 ndi 3, kuti phazi lisasocere mumdima. Tiphunzitsenso anzathu kanthu kamodzi ka moto: timabokosi tambiri totere tidya mavoti 9, ndipo pa pulagi yace mbali ya kucotsa iri pakati, mosiyana ndi ziwiya zina zambiri. Mlamu wathu anatsala pang'ono kubayamo adaputala ya kiyibodi ya mavoti 12. Yang'anani kacizindikiro kolembedwa pambali pa bowo musanabaye.

Wina adzafunsa ngati cifanizo cifanadi ndi ampu yeniyeni. Kamodzi, ku Lilongwe, mwini nyumba ina yojambulira nyimbo anatilola kuimba pa ampu ya timabotolo, ndipo tibvomera kuti inali ndi kanthu kena: mphepo ya sipika inagunda m'miyendo, ndi nsambo inayankha cala mofewa. Koma titamva zojambulidwa, sitinathe kunena motsimikiza kuti iyi ndi ampu, iyi ndi kabokosi. Ndipo ampu ija siingakwere njinga kunka ku ukwati wa kutsidya la dambo, pamene kathu kalowa m'thumba la jekete. Pa ici mtima wathu uli pansi. Cimene citibvuta ndi cina. Pamene tiwerenga maina a m'kagalasi, tipeza ampu za ku America, za ku England, za ku Japan ndi ku Germany. Liu la banjo ya citini mulibe, ngakhale la wailesi ija tinaphunzirapo. Anyamata ambiri alikutenga misanjo yofanana pa intaneti, ndipo pa maukwati ena, ukatseka maso, sudziwa ngati woimba ndi wa ku Dedza kapena wa kwina. Wamng'ono wa ife sabvomera kuti ici ndi coipa. Anena kuti gitala yomwe inadza ndi alendo, ndipo usiku abvalabe zomvera nabangula ndi cifanizo ca Marshall kufikira mabatire afooka. Pa nkhani imeneyi sitinagwirizane, ndipo kapena sitidzagwirizana.

Koma tinagwirizana kuyesa cinthu cimodzi. Madzulo ena, osawauza atsibweni, tinatenga nambala 4, tinasankha cifanizo ca ampu yaing'ono koposa ndi sipika yace yaing'ono, tinadula mabesi onse, tinadulanso mau okwera, tinakweza GAIN kufikira nsambo yaikuru iyamba kutsokomola, monga inkacitira wailesi ija batire ikafooka. Loweruka, titatha kuyeserera nyimbo za ukwati wa mwezi wa December, umene unali woyamba kutiitananso, mkuru wa ife anaponda 4, naimba kanyimbo kamene atsibweni ankatiphunzitsira zala tiri ana.

Ananyamuka pa mpando wao, nayenda pang'onopang'ono kufikira pa sipika, naweramira khutu. Anati, "Mwaipeza kuti?" Tinawauza. Anamveranso, napukusa mutu, nati, "Yanga inali ndi kulira kwina pansi pace, ngati mphaka, komabe ndi mbale wace." Pomwepo anatambasula manja kuti tiwapatse gitala, imene sanaigwire zaka zambiri cifukwa ca nyamakazi ya m'zala. Anaikoleka paphewa, nayang'ana kabokosi pansi, nafunsa batani la delay ndi liti. Ndipo tisanawaletse anawerama, nabvula nsapato ya kumanja, naponda ndi cala cacikuru.